Manda Ouluka

Agogo aamuna ndikawakumbukira, ndimamva fungo lowawasa la mankhwala otsukira zithunzi likutulukira kunsi kwa chitseko cha bafa m'nyumba yathu ku Croydon, amayi ali panja kugogoda kuti akuchedwa kuntchito kuchipatala. Agogo anajambula maukwati ndi makanda a anthu ku Zomba moyo wawo wonse, koma nkhope ya bambo awo owabala sanaionepo. Bambowo anapita kunkhondo ya ku Burma agogo ali m'mimba. Mnzawo amene anabwerako anangonena kuti anavulala, anawakweza ndege, ndipo ndegeyo sinafike.

Agogo pobwera kudzakhala nafe n'kuti ng'ala itayamba kuwaphimba maso. Chilimwe china anamva kuti ku Biggin Hill kukhala chionetsero cha ndege zakale zankhondo, ndipo anakolowekera kamera yawo ya filimu m'khosi, n'kundigwira dzanja mpaka pabasi.

Kunali dzuwa, fungo la anyezi wokazinga losakanikirana ndi utsi wa mafuta, ndi mkokomo womwe unkamvekera m'mano. Aliyense anali chagada kujambula kumwamba. Agogo ayi. Analunjika pa chindege chobiriwira chimene chinaima pa kapinga kuseri kwa chingwe, cha timazenera tondondozana.

"Agogo, look!" ndinakuwa ndikuloza.

Anandipinda chala mpaka misozi inalengeza. "Manda saloza, iwe. Ndege imene inatenga bambo inali yotere."

Anavula chipewa n'kundipatsa, nagwada pa kapinga n'kuyamba kuwomba m'manja chapansipansi. "Odi kuno. Ndine mwana wanu, simundidziwa."

Manyazi anandigwira, kunena zoona, poti azungu ankatiyang'ana. Koma mkokomo uja unaduka mwadzidzidzi, kumwamba kuli zii, ndipo kunsi kwa phiko kunatuluka kamphepo kozizira kamene kanandiimitsa tsitsi. Agogo anajambula kamodzi kokha. Titafika kunyumba anakana kulowa mpaka amayi atabweretsa beseni pakhomo kuti tisambe m'manja, monga amachitira ochokera kumaliro.

M'mawa mwake agogo anandiitanira m'bafa muja, atatseka kazenera ndi bulangete. "Maso anga atha, undionere ndiwe." Pansi pa kababu kofiira pepala linayamba kuda m'madzi, phiko linatuluka, kenako timazenera, ndipo pa kazenera kamodzi panali nkhope, yoyang'ana ife.

"Muli munthu, agogo."

Amayi ataona chithunzicho anaseka, koma kuseka kosafika m'maso. "Adadi, ndi reflection yanu iyi. Magalasi amatero, come on."

Agogo anatembenukira kwa ine. "Munthuyo wavala chipewa?"

"Eya."

"Changatu chinali m'manja mwako."

Agogo anakhala m'mphepete mwa bafa, chithunzi chikudontha madzi pa thalauza, akuchisisita ndi chala poti kuona sankaona, ndipo aka kanali koyamba kuona munthu wamkulu akulira osabisa.

Atamwalira tinakawaika ku Zomba, chithunzicho chili m'thumba la jekete monga analamulira, kuti bambo awo afike nawo kwawo. Filimu yake inatsalira ine. Ndasamuka nayo nyumba zingapo, koma sindinaiunikepo n'kamodzi komwe. Anzanga amaganiza kuti ndikuopa kuipeza nkhope ija. Ayi ndithu, ndikuopa kupeza zenera lopanda munthu, chifukwa amene anawaonera agogo tsiku lija anali mdzukulu wowakonda kwambiri, ndipo iwo anafa akukhulupirira maso ake.