Amayi aang'ono atulukira kuchokera ku Mozambique

Mwachoma bwanji nonse. Tamvani zachitika kuno ku Vubwi.

Masana ano ndikuswa mtedza pakhonde, ndangoona amayi aang'ono, aja anakwatiwa ku Mozambique, atulukira ndi kathumba pamutu. Akuti anamva mphekesera zoti boda atsegula, koma atapeza pali potseka anangodzera kanjira ka m'minda. Chiyambire korona anali asanaonane ndi amayi.

Chandidabwitsa n'chakuti akana kulowa m'nyumba. Akhala patali pansi pa mtengo wa mango, amvekere, "Achemwali, khalani komweko. Muli ndi shuga inu, ndingakupatsireni matenda." Koma makutu a amayi mukuwadziwa. Macheza onse anali ochita kukuwa, mpaka anthu oyandikana nafe asonkhana.

Basi mkangano wabuka. APhiri, amene soya wawo wasowa wogula, akuti, "Atsegule boda basi! Kodi matendawo amadziwa pothera Zambia?" ANabanda, amene amuna awo anapita ndi nthenda yomweyi, ayankha kuti, "Inu simunaonepo munthu akusowa mpweya."

Anthu ali mkati motsutsana, amayi amangokoka mphasa yawo pang'onopang'ono. Pomwe ndimacheuka, awiriwo agundana kale mawondo, amayi akugwira masaya a mng'ono wawo n'kumati, "Iwe, waonda bwanji!"

Tsono amayi akuti lero agona naye chipinda chimodzi. Achimwene ku Katete, ndi inu a ku Sinda, mukuti bwanji? Ndiwalekanitse kapena ndiwasiye? Ngati n'kuwalekanitsa, wina aimbe foni awauze yekha. Ine sindingathe.