Ulusi Wofiira Kuseri kwa Kolala

Anathovu anachapa zovala za anthu zaka makumi anayi. Madzi amene anataya m'beseni lawo mukanawasonkhanitsa pamodzi, sitima zitatu zikanayandamapo, yachinayi n'kusochera. Manja awo anauma ngati khungwa, moti amuna osuta a mumsewu mwawo ankayatsira machesi pachikhatho chawo. Dzina lawo lenileni linasungunuka ndi sopo, aliyense ankangoti Anathovu.

Kuwerenga sankadziwa, koma sanasokonezepo malaya a munthu. Chovala chikafika, ankasokerera kachizindikiro ka ulusi wakuda kuseri kwa kolala: mtanda wa adokotala, mizere iwiri ya wogulitsa nyama, kadontho ka telala. Ulusi wofiira unali wa apabanja pawo okha. Amuna awo atamwalira, wovala ulusi wofiira anatsala mmodzi, mwana wawo wamwamuna.

Mwanayo anamuphunzitsa ndi beseni lomwelo mpaka anakhala mphunzitsi wa zinenero pakoleji. Anzake ankamutcha Dikishonale, chifukwa ukamupempha madzi akumwa ankayamba wakufotokozera kumene mawu akuti madzi anachokera, iwe n'kukomoka ndi ludzu. Atamanga nyumba yaikulu anawatenga amayi ake n'kuwaika m'kachipinda ka kuseri, pakati pa bafa ndi khola la galu. Kachipindako kanali kothina moti akafuna kuyasamula ankayamba atsegula chitseko. Alendo akabwera, mpongozi wawo, mkazi wa Dikishonale, ankati, "Amayi, kapumeni kaye kuseriku, phokoso lingakupweteketseni mutu." Anathovu ankapuma nsimbi ili m'manja.

Chimene mtima wawo unkafuna chinali chimodzi: kuti tsiku lina mwana wawo adzawaloze pagulu n'kunena kuti awa ndiwo anandibereka.

Tsiku lija linaoneka ngati lafika pamene Dikishonale anapemphedwa kukakamba nkhani m'holo ya koleji, pa mawu amodzi a Chilatini akuti mater. Sabata yonse ankayeseza pakhonde, amayi ake akuyanika zovala.

"Mawu ukungowabwerezawo akutanthauza chiyani, iwe?" anafunsa.

"Akutanthauza mayi. Anthu a ku Spain amati madre, a ku France amati mère. Metironi wa kuchipatala dzina lake linachokera pomwepo. Ngakhale sukulu imene inakulera amaitcha alma mater, mayi woyamwitsa."

"Ndiye kuti ukakamba za ine."

"Ndikakamba za mawu, amayi. Shati yoyera ija mwaisita?"

Anaisita ndithu, mpaka ntchentche imene inaterapo inatsetsereka n'kuthyoka mwendo. Tsikulo litakwana, galimoto ya Dikishonale akuti inadzaza, pakuti munali anthu awiri ndi chikwama. Anathovu anavala diresi lawo labwino, anatsatira wapansi, n'kukakhala pampando wa kumbuyo pafupi ndi khomo.

Dikishonale analankhula ngati wameza wailesi. "Mawu amenewa anayenda maiko ambiri," iye anatero, "ndipo kulikonse kumene anafika, anthu anawapatsa mpando wapamwamba." Holo yonse inaomba m'manja.

Koma wochapa saona munthu, amaona banga. Anathovu anaona kuti kolala ya mwana wawo yapindikira m'mwamba, ndipo pathumba la shati padonthera tiyi. Anapirira pang'ono, zala zikuyabwa. Kenaka anadzuka, anadutsa pakati pa mipando, anakwera masitepe a pansanja. Anawongola kolalayo, ananyowetsa chala ndi malovu n'kuyamba kupukuta bangalo, monga ankachitira mwanayo akupita kusukulu atavala kabudula.

Mkulu wa koleji, amene anakhala kutsogolo, anafunsa mokweza kuti, "Kodi awa ndani?"

Anathovu anasiya kupukuta. Anaimirira bwino, anakonza mpango, n'kuyang'ana anthu onse aja.

Dikishonale anaseka pachimkuzamawu. "Mutikhululukire, mabwana. Ndi otichapira kunyumba. Ntchito anaikonda mpaka inawalowa m'mutu."

Anthu anaseka mpaka mababu anagwedezeka kudenga.

"Antchito otere akusowa masiku ano," anatero mkulu wa koleji akupukuta misozi. "Mundibwerekeko Loweruka, makatani anga ada."

"Dzawatengeni ndithu, bwana."

Mpongozi uja anawagwira Anathovu pachigongono n'kuwatsitsa, akumwetulira anthu, zikhadabo zake zikulowa m'mnofu. Chitseko chisanatsekeke, Anathovu anamva mwana wawo akupitiriza za mayi woyamwitsa.

M'mawa mwake anapeza shati ija itaponyedwa pakhomo la kachipinda kawo, monga masiku onse. Anaichapa, banga linachoka. Anaiyanika, anaisita. Kenaka anatenga lezala, anatembenuza kolala n'kumasula ulusi wofiira uja pang'onopang'ono kuti nsalu isang'ambike. Anatunga wakuda m'singano n'kusoka kamzere kamodzi, chizindikiro chimene ankapatsa anthu odutsa amene sankawadziwa dzina. Anachita chimodzimodzi ndi mashati ena khumi ndi awiri, mathalauza, ngakhale mipango ya m'thumba.

Dikishonale anavala shatiyo Lachisanu n'kuiyamikira kuti yawala. Munthu wodziwa zinenero zisanu ndi ziwiri uja anali asanayang'anepo kuseri kwa kolala yake chibadwire.

Loweruka m'mawa galimoto ya mkulu wa koleji inaimba hutala pageti.

"Amayi, fulumirani," anatero Dikishonale pawindo. "Musandichititse manyazi kawiri."

Anathovu ananyamula beseni lawo n'kutuluka.