Mlongo Wanga Analowa Usilikali Atakula Kale

Mlongo wanga anabwera kudzakhala kwathu ku Kapata chaka chija cha chilala, pamene tonse tinkadya ufa wachikasu. Ine ndinali mphunzitsi wa pulayimale, amuna anga anali kalaliki, ndipo nyumba yathu inali yaing'ono. Iye anafika ndi kachikwama ndi bokosi la masipanala, n'kukhala pakhonde osagogoda. Ndinamupeza pomwepo poweruka ku sukulu.

Ndi wonditsatira pobadwa, ndipo nthawiyo zaka zake zinali zikuyandikira makumi atatu. Ku Madzimoyo, kumene atate anakhazikika atapuma ntchito yauphunzitsi, anali atamuthamangitsa. Sukulu anaisiyira panjira chifukwa cha ndewu, koma manja ake ankaidziwa injini, moti anapeza ntchito yoyendetsa loli yonyamula thonje m'midzi ya ku Kasenengwa. Tsiku lina anayendetsa atamwa kachasu. Loli inagubuduzika pa kamlatho, ndipo bambo wina wopakira katundu, amene anakhala pamwamba pa mabelo a thonjelo, anaphwanyika mwendo. Kuchipatala anaudula. Mlongo wanga anatuluka ndi chipsera chokha pachipumi. Anagona kupolisi masiku angapo, koma mwini loli, amene anali ndi zake zobisa, anaizimitsa nkhaniyo isanafike kukhoti. Ntchito inatha, mkazi wake anatenga mwana n'kubwerera kwa makolo ake, ndipo iye anayamba kumwa kuposa kale. Atate anali mkulu wa mpingo. Anapirira mpaka Lamulungu lina m'mawa pamene anthu opita kutchalitchi anamutola mwana wawo m'ngalande.

Amuna anga sanakondwe, koma sanamukane. Anangonena kuti tsiku limene adzalowe m'nyumba ataledzera ndi lomwelo adzatuluke. Mlongo wanga anapeza malo pa galaja ina ya pansi pa mtengo wa mango, ndipo ankagona m'khitchini. Nthawi zina ankakhala bwinobwino mwezi wathunthu, kenako n'kusowa Lachisanu, n'kudzaoneka Lolemba maso ali psuu. Lamulo la alamu ake ankalisunga mwa njira yake: akamwa sankabwera kunyumba. Chiwongolero sanachigwirenso. Akakonza galimoto ankaitana mnzake kuti akaiyese pamsewu.

Tinakhala choncho zaka zingapo. Ndiye Loweruka lina ndikuchapa, anabwera n'kukhala pa njerwa pafupi ndi beseni. Anandiuza kuti wamva pa wailesi kuti asilikali akufuna anthu amaluso, amakaniko ndi akalipentala, ndipo kwa oterowo salimbikira kwambiri za msinkhu monga amachitira ndi anyamata ongochoka ku sukulu. Ndinaseka. Nditaona kuti iye sakuseka, ndinakwiya. Ndinamuuza kuti akungofuna kuthawa, kuti yunifolomu singamuyeretse, ndiponso kuti ndinamva kuti kumeneko mowa ndi wotchipa kuposa kuno.

"Asisi," anatero, "ine ndikadzuka m'mawa palibe amene amandiuza chochita, ndipo chimene ndimadziuza ndekha mukuchidziwa. Ndikufuna ndikakhale kumene wina azikandiuza."

 Ndinangopitiriza kufinya zovala, iye n'kutenga chidebe kukanditungira madzi ena.

Anayamba kuthamanga m'mamawa, kukwera msewu wopita kuphiri. Masiku oyamba ankabwera akutsokomola, n'kukasanza kuseri kwa chimbudzi. Amayi a m'komboni ankamuseka pampopi, ena n'kumafunsa ngati apolisi ali pambuyo. Fodya anasiya. Mowa sindinganene kuti anasiyiratu, koma Lachisanu anayamba kupezeka panyumba akusewera nsolo ndi alamu ake.

Nkhani itafika ku Madzimoyo, atate anauza amayi kuti iwo anatha moyo wawo akuphunzitsa ana a anthu kugwira cholembera, ndipo ngati wawo wasankha mfuti, asawafunse kanthu. Nditapita kukawaona, amayi anandinong'oneza kuti ndikamuuze kuti akumupempherera.

Masiku oyesedwa atayandikira, anandipempha kuti ndimuperekeze ku Kasenengwa, kwa bambo aja anaduka mwendo. Chichitikireni ngozi anali asanawaonepo. Tinakwera kumbuyo kwa vani ya ogula mbewu, tinatsika pamsewu, n'kuyenda wapansi kudutsa m'minda ya thonje yokololedwa kale. 

Tinawapeza atakhala pamphasa akuswa mtedza, korona ili m'khosi, ndodo zawo zitatsamira nkhokwe. Akazi awo anandipatsa ine mpando. Mlongo wanga sanamupatse, ndipo iye ananjuta pansi chipewa chili m'manja. Tinalonjerana, tinakambako za mvula ndi za fetereza. Kenako iye ananena chimene anadzera. Anati tsiku lija anali ataledzera, ngakhale mwini loli anauza anthu kuti mabuleki ndiwo anakana. Anati wabwera kudzapepesa asanapite kukayesa za usilikali. Bambowo anayankha kuti zoledzerazo ankazidziwa, chifukwa anamuona akumwa pa depoti yogulira thonje, koma anakwerabe poti loli ina kunalibe. Akazi awo, ali chiimire pakhomo, anati kupepesako akumva, koma kumunda akhala akupita okha ndi ana chiyambire, ndipo wamkulu anasiya sukulu chifukwa cha zimenezo. 

Bambowo anapitiriza kuswa mtedza kwa kanthawi, kenako anafunsa, "Kumeneko akakupatsani galimoto?"

"Ndikupita ngati makaniko, bambo. Koma akakandiuza kuti ndiyendetse, sindikatha kukana."

"Mukakayendetsa muzikakumbukira kuti kumbuyo kuli anthu. Inu mukakhala mkati muja simutiona."

Sananene kuti amukhululukira, ndipo iye sanafunse. Mlongo wanga anangosendera pafupi n'kuyamba kuwathandiza kuswa, inenso ndinatsika pampando, mpaka dengu linadzaza. Pochoka, mayi aja anatiperekeza pang'ono, akulankhula ndi ine ndekha.

Kuyesa kunachitikira pa bwalo lina m'tauni. Ndinapempha mnzanga kuti andigwirire kalasi, n'kukaima kumpanda pamodzi ndi makolo ena. Anyamata anali ambirimbiri, opanda malaya, ndipo ena anali ana amene ndinawaphunzitsa ndekha, moti podutsa ankandipatsa moni mwamanyazi. Pakati pawo mlongo wanga ankaoneka ngati amalume awo, dazi litayamba kale. Pothamanga anali m'gulu lomalizira. Ndinamuona akubwera kukamwa kuli yasa, akukoka miyendo, koma anafika, pamene ena aang'ono kwa iye anakhala pansi panjira. Kenako amaluso anawatengera kuseri kumene kunali magalimoto, ndipo sindinamuonenso mpaka madzulo.

Anandiuza kuti atatha kumuyesa pa injini, mkulu wina wa asilikali, waimvi, anamufunsa za chipsera chija ndiponso kumene anali zaka zonsezi. Iye ananena zonse osabisa. Mkuluyo anafunsa ngati nkhaniyo inafika kukhoti, ndipo atamva kuti ayi, anamuyang'anitsitsa, n'kumuuza kuti kuusilikaliko munthu akaledzera pa ntchito palibe womubisa. Mlongo wanga anabwera kunyumba akukhulupirira kuti wadzitsekera yekha. Koma mayina atatuluka, lake linalipo.

Ananyamuka pa basi ya ku Lusaka. Amayi anabwera kuchokera ku Madzimoyo ndi mbatata yophika m'kathumba. Atate sanabwere. Bokosi la masipanala anawasiyira alamu ake, amene mpaka lero sadziwa kumasula ngakhale tayala la njinga.

Patapita miyezi yambiri anabwera patchuthi, ataonda, atada bii, atameta mpala. Anzake ankamutcha mdala. Iye anati chimene chinamuvuta kwambiri sichinali kuthamanga kapena kukwawa m'matope, koma kukalipiridwa pamaso ndi kopolo wamng'ono amene kuno akadamutuma ndudu kugolosale. Tsiku lina anafika pokunga chibakera, koma anachibisa kumbuyo mpaka mnyamatayo anatha kulankhula. Pofotokoza zimenezi anaseka, ndipo ndinazindikira kuti ndinali nditaiwala kasekedwe kake.

Usilikali sunamubwezere zonse. Mkazi wake anali atakwatiwa kwina, ndipo mwana wake ankati akamuona n'kubisala kumbuyo kwa amake. Mowa ankamwabe pang'ono, ndipo ine ndikamuona atagwira botolo ndinkada nkhawa ngati kale. Sindidziwa ngati anasintha mkati mwenimweni kapena anangopeza mpanda wolimba womutchinga. Ndinasiya kudzifunsa nditaona kuti zaka zikupita mpandawo uli chilili. Tchuthi chake chikagwera m'dzinja ankapita ku Kasenengwa kukagwira khasu m'munda mwa bambo aja kwa masiku angapo. Zimene ankakambirana kumeneko sanandiuzepo. Kwa atate ankangopita masana kukapereka moni, iwo n'kuyankha maso ali pa nyuzipepala, iye n'kubwerera tsiku lomwelo.

Kenako atate anadwala, anafa ziwalo mbali imodzi. Amayi sankatha kuwanyamula, ine ndinali ndi sukulu ndi ana. Mlongo wanga anapempha tchuthi n'kupita ku Madzimoyo. Ankawanyamula kupita nawo kubafa, kuwasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa phala ndi supuni. Sankalankhulana zambiri, poti atate lilime linali litalemera, komanso awiriwo anali asanazolowerane kucheza.

Loweruka ndinapita kukawaona. Ndinawapeza pakhonde, atate akuwothera dzuwa, iye atagwada akuwawenga zikhadabo za kumapazi. Atate anandiyang'ana ine n'kufunsa movutikira, "Awa abwerera liti ku ntchito?"

Ndinayamba ndayang'ana uku ndi uku kuti ndione ngati pali mlendo, kenako ndinazindikira kuti akunena mlongo wanga. Chibadwire chake atate ankamutchula kuti iwe, ndipo kwa ife ankati uyu.

"Lachiwiri, atate," ndinayankha.

"Auzeni apemphe masiku ena."

Mlongo wanga sanadzutse mutu. Anati, "Sawonjezera, atate. Anandiuza tsiku lobwerera, ndiyenera kukafika."

Atate anagwedeza mutu pang'onopang'ono movomereza, n'kumupatsa phazi linalo.

Madzulo a tsikulo anandiitana kuchipinda kuti andionetse kanyamulidwe ka wodwala. Anandiuza kuti ndizipinda mawondo, osati msana, ndiziika dzanja lawo lakufa paphewa panga, ndipo ndiziwauza kaye ndisanawadzutse kuti asadzidzimuke. Tinayeserera kangapo, amayi akuonerera pakhomo, atate akung'ung'udza kuti tikuwasandutsa thumba la chimanga. Lachiwiri m'mawa anavala yunifolomu yake, anatsanzika, n'kuyenda wapansi kukadikira basi kumsewu.