Kamakina Kamene Kanawafikitsa a Mapu Kwawo

Dzina loti a Mapu anawapatsa ndi madalaivala anzawo pa renki, chifukwa tauni yonseyi inali m'mutu mwawo. Ukangoti, "Ndikupita kwa telala wachibwibwi uja," iwo basi giya, mpaka pakhomo pake penipeni. Zaka makumi atatu n'kusefukira akuyendetsa takisi, osafunsako njira kwa munthu. Ankanena okha kuti dalaivala wofunsa njira kuli bwino angogulitsa galimoto n'kugula wilibala.

Mayi a kunyumba kwawo atamwalira, nyumba yawo ya kuseri kwa njanji inagulitsidwa, ndipo mwana wawo wamkazi, yemwe ndi nesi, anawatenga kudzakhala nawo kuno, m'kachipinda ka kumbuyo. Mpanda wotilekanitsa ndi wamalata, ndiye musandifunse kuti zimandipeza bwanji. Zimabwera zokha.

Zinayamba pang'onopang'ono. Tsiku lina ananyamula mayi wopita kuchipatala n'kukamutsitsa pasukulu. Tsiku linanso anazungulira raundabauti kanayi, mpaka pasinjala kufunsa ngati akuyesa matayala. Koma chimene chinawapweteka ndi cha Lachiwiri lija. Anaima pothirira mafuta n'kufunsa kuti msewu uwu ukupita kuti. Msewu wake womwe anayamba kuudutsa usanathiridwe tala! Wothira mafutayo anaseka, ankayesa nthabwala. Madzulo nkhani inali itamupeza kale nesi.

"Adadi, makiyi."

"Makiyi a chiyani?"

"Musandizunguze. A galimoto."

"Kusochera kamodzi kokha n'kumulanda munthu ntchito?"

"Katatu, adadi. Ndipo n'komwe ndakumva ineyo. Komwe mwabisa sindikukudziwa."

"Ukandilanda galimoto undiika pati? Pakhonde, ndizipirikitsa ntchentche?"

Anakokanakokana mpaka anagwirizana chimodzi. A Mapu akagule kamakina kolozera njira, kaja amati jipiyesi, komata pagalasi. Koma akadzangosocheranso kamodzi, makiyi akalowa m'chikwama cha nesi, osatulukanso.

M'mawa mwake anavala tayi, abale, ngati akukafunsira. Analowa m'shopu ya zamagetsi n'kuyamba kuyang'ana mawailesi, kuchita manyazi kutchula chomwe abwerera. Mayi wogulitsa anawayandikira.

"Tikuthandizeni chiyani, agogo?"

"Agogo ndi amuna anu. Ine ndine dalaivala."

"Pepani a dalaivala."

"Tumakina tolozera njira tija muli nato? Si kuti n'kanga ayi. Mapasinjala a masiku ano amafuna kumaona zowalawala."

Mayi uja anayala titatu pakauntala. Koyamba kanali kakang'ono, zilembo zake ngati nyerere. A Mapu anakasendeza patali, anakabweretsa pafupi ndi mphuno, n'kukabweza. Kachiwiri kanali chimphona, chotseka theka la galasi.

"Ndikufuna kuyendetsa galimoto, mayi, osati kuonera mpira."

Kanatsala kapakati. Mayi uja anakayatsa kuti amve mawu ake, a mitundu iwiri. Mawu a bambo anali okalipa ngati wapolisi wa pamsewu, ndiye a Mapu anapukusa mutu. A mayi anali ofatsa, olankhula mosathamanga. Anawamvetsera kawiri, atapendeketsa khutu. Kenako anatsitsa mawu, kuopa makasitomala ena.

"Nanga munthu ukaphonya pokhota, kamatani?"

"Kamangokufunirani njira ina."

"Osakalipa?"

"Sikakalipa."

"Osakauza aliyense?"

Apa mayi uja anawayang'ana kanthawi, nthabwala zitatha.

"Sikauza munthu, bambo."

"Ndipatseni komweko."

Asanakaike m'bokosi, anawaonetsa batani lina lojambulidwa kanyumba. "Ili ndiye lofunika kwambiri. Mukasokonezeka paliponse mungodina apa, kakufikitsani kwanu. Tandisonyezani pa mapu apa pomwe mumakhala, ndikauze."

Nkhope ya a Mapu inawala. Funso limeneli ndiye linali lawo. Chala chinayenda osanjenjemera, kuwoloka mlatho, kutsata njanji, kukhotera kumanzere pa thanki yamadzi, geti lachitatu. "Apa."

"Iii, koma inu ndiye makinawa simukuwafuna n'komwe!" anatero mayi uja, n'kudina.

Mawu amenewo anabwera nawo kunyumba ngati mendulo. Anauza nesi, anauza ife, anauza ndi wogulitsa makala yemwe. Palibe amene anaganiza zofunsa kuti chala chija chinaloza pati.

Sabata yoyamba kamakinako kanawapatsa ntchito. Iko kamafuna dzina la msewu ndi nambala. Koma ndani amakwera takisi n'kutchula nambala? Anthu amangoti, "pomwe panali bekale paja," kapena "kuseri kwa nyumba inapsa ija." Malo amenewo iko sikawadziwa, ndipo a Mapu amene ankawadziwa onse, malowo anali atayamba kuwathawa m'mutu. Ndiye ankangotenga maulendo afupiafupi, ozungulira renki. Komabe madzulo aliwonse ankafika, ndipo nesi anayamba kumwetulira pang'ono.

Lachisanu masana anapereka munthu ku nyumba zatsopano zija, zofanana ngati mazira. Atamutsitsa n'kutembenuza galimoto, m'mutu munangoti zii. Kumanja nyumba zomwezo, kumanzere zomwezo. Thukuta linatuluka, makiyi aja akuwaona kale m'chikwama cha mwana wawo. Kenako anakumbukira kanyumba kaja, n'kudina.

"Pitani kutsogolo," anatero mawu ofatsa aja.

Anamvera. Patapita kanthawi misewu inayamba kuwabwerera. Uwu mlatho. Iyi njanji. Iyo thanki, dzimbiri lake lomwe lija. Mtima unakhala pansi, mpaka anayamba kuimba likhweru. Manja ankakhota okha makina asanalankhule.

"Mwafika."

Geti linali lobiriwira, iwo ankalidziwa lakuda. Anangoti mwina mayi a kunyumba alipentetsa. Analiza hutala kawiri, monga ankachitira zaka zonse zija, n'kudikira. Anatuluka mzimayi wachilendo, thovu la sopo lili m'manja.

"Mukufuna ndani, bambo?"

"Kawauzeni mayi atsegule geti."

"Mayi ake ati? Panopo mayi ndine."

A Mapu anamuyang'ana, anayang'ana zenera la kuchipinda, makatani ena. Anazimitsa injini. Mzimayi uja, Mulungu amudalitse, anaona kapepala komwe nesi anamata padashibodi, n'kuimba nambala yake.

Nesi anafika ndi yunifolomu, wefuwefu. Ataona geti lomwe anakulira, mkwiyo wonse unatha.

"Adadi, mwasocheranso."

"Sindinasochere. Funsa makinawa. Akuti ndafika."

Nesi anangoima atagwira chitseko cha galimoto. Ndipo sanachite kuwalanda ayi. A Mapu anazula makiyi okha, n'kuwaika m'dzanja lake, n'kusendera kumpando wa pasinjala, womwe sanaukhalepo chigulire galimotoyo.

Pano yatha miyezi inayi. Takisi ili kuseri kwa nyumba, yofunditsidwa lona, tayala lakumbuyo laphwa. Anzawo a pa renki anabwera kawiri kudzawaona, kachitatu sanabwere. Nesi anati akonze adiresi ija, aikemo ya kuno. A Mapu anakana kwamtuwagalu. "Usakaphunzitse bodza," anatero.

Kamakina kaja anakamata pazenera la kachipinda kawo, waya wake uli pasoketi. M'mawa ndikamayanika zovala pafupi ndi mpanda ndimamva akudina.

"Potulukira, khoterani kumanzere."

"Ndikudziwa, mayi," amayankha. "Ndikudziwa. Tadikirani ndipeze makiyi."