Chitseko cha Abambo Pakati pa Tiyi

Amene anandilakwira ndi amalume, achimwene awo a amayi, bere limodzi. Anatenga njerwa zanga n'kumangira okala kumsewu, ndipo pamalo pomwe ndinalambula kuti pakhale nyumba ya amayi anadzalapo tiyi. Ndayambira dala pa iwowo, chifukwa anthu akumudzi kwathu ku Changata akamakamba nkhaniyi amayambira pa ine: mnyamata wamtima wapachala uja anakumba m'munda mwa eni ake tsiku la Sabata. Eya, ndinakumba. Koma tamvani kaye.

Ndinabadwira m'malaini a pa esiteti, nyumba yakumapeto kwa mzere wachitatu. Abambo ankatchola tiyi. Iwo analibe mudzi: makolo awo anachokera kutsidya kwa malire n'kudzafera m'malaini momwemo. Mudzi unali wa amayi, ndipo kwathu kuno mwamuna amamanga kwa mkazi, ndiye tonse tinkadziwa kuti tsiku lina tidzakamanga ku Changata.

Amene sanakhalepo m'nyumba ya kampani sangamvetse. Denga linali lamalata, pansi pasimenti, anthu akumudzi ankatisirira. Koma amayi atadzala nthochi kuseri, kapitawo woyang'anira nyumba anabwera ndi chikwanje. "Mayi, kuno si kwanu," anatero, akudula. Ukadwala masiku atatu osaoneka kusikelo yoyezera tiyi, anzako a m'mzere ankabwera kudzakuzonda, koma maso ali kudenga, kuona ngati sikudontha, poti aliyense anali ndi m'bale wofuna nyumba. Ntchito ikatha, nyumbanso yatha. Ndiye munthu unkadzuka ndi malungo ako, kubereka dengu, kulowa m'mame.

Abambo anali ndi chinthu chimodzi chawochawo: chitseko. Cha mlombwa, cholemera, ndi felemu yake, anachigula kwa kalipentala wa kwa Goliati ine ndili standade 3, n'kuchikankha panjinga yobwereka tsiku lathunthu. Chinkaima kuseri kwa bedi, chokutidwa ndi matumba a feteleza. Lamlungu ankachivundukula n'kuchipukuta ndi kansanza.

Anzawo sankawasiya. "Achimwene, akazi anu achiwiri aja adzuka bwanji? Zaka zonsezi kuchipinda, sanabereke ngakhale kazenera?"

Abambo ankaseka nawo. "Sekani. Ichi ndikadzachitseka, wogogoda azidzadikira mpaka nditamaliza tulo."

Maloto awo onse anali amenewo. Kudzuka dzuwa litakwera. Kudzala peyala n'kudzadya zipatso zake. Kudwala mwezi wathunthu popanda munthu wowerenga malata ako. Amayi iwo ankangofuna khonde loyanikapo ufa ndi khola la nkhuku losabisa.

Sukulu ndinasiyira standade 6. Mnyamata wina ananditchula kuti mwana wam'malaini wopanda kwawo, ndinamugulula dzino, ndipo sindinadikire kuti ahedi andiitane. Nditakula ndinalowa kutchola tiyi ngati wasizoni: mvula ikayamba amakulemba, masamba akachepa cha m'Meyi amakuuza kuti kapume.

Chaka chotsatira njala ija ya 2002 abambo anayamba kutsokomola. Atandiimitsa ntchito ndinapita ku Changata. Amalume, mwini mbumba komanso mkulu wampingo wa Sabata, anandilandira bwino. Ananditengera pakaphiri pomwe panali gawo la amayi, n'kuloza ndi ndodo.

"Apa ndi pa mlongo wanga. Manga, mwana wanga. Wachita bwino kukumbuka kwanu."

Ndinalambula. Ndinaponda dothi m'chiperoni, zala zakumapazi zitachita dzanzi, madzi ndikutunga kudambo ndi ndowa ziwiri. Chikombole chinandisupula m'manja mpaka sindinkatha kufumbata. Mu Okutobala ndinaotcha uvuni, ndipo njerwa zinapsa bwino, ukamenyanitsa ziwiri zinkalira ngati belu. Ndalama za malata ndinalibe, ndiye ndinati ndibwerere kusizoni, tidzamange mvula ikatha. Amalume anati, "Pita, ndiziyang'anira." Ndinawasiyira uvuni wonse, osaitana ngakhale mboni. Ungaitane mboni kwa malume wako?

Abambo anatchola tiyi mpaka sabata yomaliza. Amayi ankawaletsa, iwo n'kumati, "Ndikagona, mugona kuti?" Anagwera m'munda, dengu lili kumsana, mu Febuluwale. Bokosi la kampani litachedwa, amuna ena a m'mzere anati tiphwasule chitseko chija tikhome bokosi, matabwa abwino akungokhala. Ndinaima pakhomo la kuchipinda ndi mpini wa khasu. Panalibe amene anayandikira. Bokosi linabwera madzulo ake.

Tisanamete n'komwe, kapitawo uja anabwera ndi pepala. Sanalankhule mwachipongwe, anavula chipewa. Mwezi umodzi. Ine wasizoni sindikanapatsidwa nyumba. Banja lolowamo tinkalidziwa, mayi wake ankabwera kudzatipepesa uku akuyesa zenera ndi chikhatho kuti asoke katani.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Katundu wina tinasungitsa. Amayi anasenza mtolo wa ziwiya, nawonso atayamba chifuwa chomwe chija. Ine ndinasenza chitseko ndi felemu pankhata, kudutsa m'minda ya tiyi, kutsika, kukwera, mphepo ikachiomba ndinkazungulira nacho ngati woledzera. Otchola ankaweramuka n'kumakuwa, "Nyumba mwaiiwala m'mbuyo!" Mumtima ndinkangoona njerwa zanga. Ndinkati ngakhale chipinda chimodzi, denga laudzu, bola amayi akatsokomole m'mwawo.

Titafika pakaphiri paja, ndinayesa ndasochera. Uvuni kunalibe, kunangotsala dothi lofiira ndi zibenthu. Pomwe ndinalambula panali mizere ya mbande za tiyi, zofika m'bondo, zophimbira bwino ndi udzu. Ine tiyi ndimamudziwa. Si chimanga choti ukolola n'kubweza malo. Tiyi akagwira, amakwirira amene anamudzala, ndi ana ake, iye akadali wobiriwira. Munthu akadzala tiyi pamalo pako, wakuuza kuti usadzabwerenso.

Amayi anatula mtolo n'kukhala pansi. Sanalire. Anangoti, "Mwina achimwene ali ndi potiika."

Amalume tinawapeza pa okala yatsopano kumsewu. Njerwa zake ndinazizindikira, chikombole changa chinali chobenthuka kona imodzi, ndipo khoma lonse linali ndi chilema chimenecho.

"Mlongo, pepani ndi maliro," anatero amalume. "Koma inu ndimayesa muli pabwino kukampani, malata, simenti. Malo ogona pakaphiri akungomera tsekera, pamene a bungwe la alimi akugawa mbande. Ndikanatani? Njerwa nazo zikanasungunuka ndi mvula."

"Njerwa zootcha?" ndinafunsa.

"Iwe, akulu akamalankhula umakhala chete. Dzuwa likulowa, Sabata layamba. Tikambirana likatha."

Anatipatsa khitchini ya akazi awo. Mbuzi anazitulutsa, fungo linatsala. Kutacha ndinapeza amayi atakhala pakhomo pa khitchiniyo, akutsokomolera m'chitenje kuti asasokoneze eni nyumba amene ankavala zopita kutchalitchi. Mayi wobadwira pamudzi pomwepo, kubisa chifuwa ngati wakuba. Atandiona anati, "Usachite zako zija. Tingopempha, mwina atilola tikhale muno mpaka chilimwe."

Mawu amenewo ndi amene anandiwotcha. Zaka zonse zija m'malaini tinkapempha, ndiye tidzapemphenso kwathu?

Belu la kutchalitchi litalira, ndinatenga khasu la amalume omwewo, ndinasenza chitseko, ulendo kukaphiri. Ndinazula mbande zinayi zokha, pakati penipeni pa munda. Ndinakumba maenje awiri, kuimika felemu, kutsendera ndi zibenthu za njerwa zanga, kupachika chitseko. Chinaima chokhachokha, kopanda khoma, tiyi mbali zonse. Ndinachitsegula, ndinachitseka. Sichinalire n'komwe. Abambo sanachimvepo chikutsekeka.

Ndinakatenga amayi, akukana, ndinawayalira mkeka kuseri kwa chitsekocho. Anachisisita ndi dzanja, kenaka anayamba kulira, kulira kumene sanalire pamaliro.

Anthu akuweruka kutchalitchi anaima m'njira. Ena ankaseka, ena anagwira pakamwa. Amalume anabwera atavala jekete, Baibulo kukhwapa, akulu anzawo ampingo ali pambuyo. Anayamba kulambalala felemu kuti afike pomwe panali amayi.

Ndinawatsekereza, khasu lili m'manja. Sindinkadziwa kuti mawa tidya chiyani, kapena kuti mvula imene inkachita mdima kuphiri itipeza pati. Ndinaponya khasu pansi kuti manja anga asandilakwitse, ndipo ndinawauza:

"Amalume, musalambalale. Pano ndi pakhomo pa mlongo wanu. Khoma lake lili kumsewu, mukugulitsiramo sopo, ndipo mulibweza. Kufikira tsikulo mayi anga agona pano, mvula iwanyowetse mpingo wanu wonse ukuona. Ngati muli nawo mawu, bwererani kutsogoloko, mugogode, mudikire."