A Petulo ndi Bogi ya pa Chithunzi

A Petulo a ku Bembeke anagwira ntchito ya sitima zaka makumi awiri, koma pa mpando wa sitima sanakhalepo. Malo awo anali m'bogi ya katundu, kukweza ndi kutsitsa mabokosi, njinga ndi makina osokera a anthu obwerera kuchokera ku Halale. Msana utakana mu 1954, anabwerera kumudzi n'kuyamba kulima kachewere. Anali munthu wouma pakamwa. Ngakhale moni ankayankha ngati mwawalakwira.

Komabe anthu sankasowa pakhomo pawo. Amuna a kuntchito ankakonda kujambulitsa pafupi ndi sitima, ndipo chithunzi chikafika pamudzi chinkathera kwa a Petulo. Ena onse maso pa jekete ndi nsapato, iwo maso pa bogi. Ya anthu, ankatero, ili ndi mazenera mndandanda. Ya katundu ili ndi chitseko chachikulu chokankhira kumbali, basi.

Tsiku lina kunabwera Agnesi. Amuna ake, a Kenan, anali atatha zaka zisanu ndi ziwiri ku Halale, kalata osalemba. Amalume ake a Agnesi anali atanena kale kuti akakolola aitana ankhoswe ukwati uthe, poti mkamwini wosagwira khasu si mkamwini. Ndiye kunafika chithunzi: a Kenan ataima pa bogi ya katundu, phazi pa bokosi lachitsulo. Agnesi anati ndiye kuti akubwera. Amalume anati adikira pokhapokha a Petulo akavomereza.

A Petulo anachiyang'ana nthawi yaitali. Bogi inalidi ya katundu, yakalekale yamatabwa ija. Koma udzu unali utamera mpaka kubisa magudumu. Chokolera cha kumapeto chinali lende, popanda bogi inzake. Bokosilo linalibe pepala lomata losonyeza kopita, ndipo iwo pa zaka zonse zija sanakwezepo bokosi lotere. Ankawadziwa mabogi otayidwa kuseri kwa siteshoni, kumene ojambula ankaimikako anthu n'kuwabwereka ndi bokosi lomwe.

Zinawapweteka, poti Agnesiyu anamuona akukula. Koma kunama sankakutha.

"Mayi, bogi iyi inasiya kuyenda kalekale," anatero. "Bokosilinso sindikhulupirira kuti n'lawo."

"Mwina anajambulitsa kaye, kenako n'kukwera ina," anatero Agnesi.

"Mwina. Ine ndikunena za imene ndikuionayi."

"Nanga pankhopepo, simukuona kuti ndi munthu wofuna kwawo?"

"Za nkhope sindidziwa, mayi. Ine ndimadziwa mabogi."

Agnesi anaimirira. Kenako anamanga bwino chitenje chake, n'kutsazika mwaulemu monga mwa nthawi zonse. Agnesi atafika pa nkhokwe, a Petulo anaona kuti chithunzi chatsala pamphasa, ndipo anamuitana.

"Sungani, bambo," anatero Agnesi osatembenuka. "Ine ndikupita kwa amalume."