Makalata khumi ndi imodzi m'foni yanga

Ku Luwinga ana a yunivesite ankanditcha Pulofesa. Sukulu ndinalekeza Sitandade 7, ndipo ntchito yanga inali kusoka nsapato pakhonde la golosale ya bambo wina wa ku Mangochi. Kuwerenga kwenikweni ndinadziphunzitsa ndekha, pa mapepala okulungira mandasi ndi manotsi amene anawo ankataya akalemba mayeso. N'chifukwa chake nkhani zambiri ndimazidziwa theka lokha. Theka linalo linkapita ndi wogula mandasi wina.

Mwana wanga wamwamuna anali ku Joni. Tinayambana pamaliro a mayi ake, nkhani yake ya kumene tikawaike, ndipo ndinalankhula mawu amene sindingalembe pano. Zaka zitatu zinadutsa osamva liwu lake. Luwinga ankangokula, nyumba za lendi zikumera pamene panali chinangwa, koma m'nyumba mwanga munkatsukidwa mbale imodzi.

Lolemba lina m'nyengo yozizira, sukulu itatsekera, kunabwera imelo. Akaunti ya imeloyo anali atanditsegulira wophunzira wina kalekale, ndipo ndinkailowera pafoni kudzera pa bulawuza, kapulogalamu kolowera pa intaneti kaja. Dzina la wotumiza linali la mwana wanga. Mawu anali awiri okha: "Werengani, mundiyankhe." Pansi pake panali chikalata chomatidwa.

Ndinadina. Kamzere kanayenda mpaka kumapeto, foni n'kunena kuti yatsitsa. Nditadina kuti nditsegule, panabwera tsamba loyera ngati ufa, kenako Chingerezi chondiuza kuti sichingatseguke.

Ndinachita zonse zimene Pulofesa angachite. Ndinazimitsa foni n'kuyatsanso. Ndinachotsa batire n'kuliuzira mpweya. Ndinakaima m'mbali mwa msewu, pamene netiweki imagwira bwino, mvula yowaza ya Mzuzu ikundinyowetsa, makondakitala a minibasi akundikuwira kuti, "Tauni, adada?" Ndinkadina, kamzere n'kuyenda, tsamba loyera n'kubwera.

Mungafunse kuti bwanji sindinangomulembera kuti chikalata chikukanika. Ndinkaopa. Sindinkadziwa ngati munali chipongwe kapena mtendere, ndipo munthu sayankha moni asanamve. Koma ndinkadziwanso kuti tsiku lililonse limene ndakhala chete, iye kumeneko akuwerenga chete wangayo ngati yankho. Ana asukulu, amene akanandithandiza nsapato ili m'manja, anali atapita kwawo. Mawindo a zipinda zawo anali otseka, ndipo ine ndinkatha tsiku ndi nsapato imodzi kapena ziwiri.

Lachinayi, podinadina, ndinagwera pamalo pamene foni imasunga zotsitsidwa. Ndinaona mndandanda: dzina la chikalata chija, lina lokhala ndi nambala 1 kumapeto, lina 2, mpaka 10. Ndinawerenga ndi chala. Khumi ndi imodzi. Mwana amene sanandilankhule zaka zitatu wandilembera makalata khumi ndi imodzi! Tsiku limenelo ndinasoka ndikuimba. Ndinauza ngakhale mwini golosale, amene anangoti, "Mulungu ndi wamkulu, achimwene," n'kundipatsa tiyi.

Loweruka ndinameza manyazi. Ndinapita kwa mayi wina amene anali ndi kashopu kosindikiza mapepala pafupi ndi geti la yunivesite, munthu wa msinkhu wanga, yemwe nayenso tchuthi chinali chitamusiya akuluka juzi.

"Monire, adada. Pulofesa afika okha lero?"

"Yewo, amama. Ndili ndi makalata khumi ndi imodzi, onse akukana kutseguka."

Anatenga foni, n'kutsitsa magalasi pamphuno. Anayang'ana, kenako anandiyang'ana ine.

"Mwadina kangati?"

"Sindinawerenge."

"Foni yawerenga. Adada, kalata ndi imodzi pera. Mukadina, foni imakatenganso yomweyo n'kuipatsa nambala. Mwakhala mukutuma mwana kumsika kukagula chinthu chimene chili kale m'nyumba."

Ndinaseka kuti ndisachite zina. Makalata khumi anandithera pomwepo, nditaimirira.

Anandifotokozera kuti bulawuza ya foni yangayo inkangodziwa kunyamula, osati kumasula. Chikalata cha mtundu umenewo chimafuna pulogalamu yowerengera, ndipo foni yanga, yokalamba ngati mwini wake, inalibe.

"Lowani imelo yanu pakompyuta apa. Pano chimatseguka chokha."

Ndinalemba mawu achinsinsi ndi chala chimodzi. Iye anatembenuzira galasi la kompyuta kwa ine, n'kuyang'ana kunja ngati kukudutsa ukwati. Pepala litatuluka m'makina anandipatsa chozondotsa.

"Kalata ya mwana njanu, adada. Ine maso ghane ghali pa juzi."

Linali tsamba limodzi, lolembedwa pamanja n'kujambulidwa. Ndinazindikira zilembo zake zopendekera, zimene ndinkamukalipira nazo ali mwana. Analemba kuti wasankha dzanja chifukwa akudziwa kuti ndimakhulupirira pepala. Mkazi wake wabereka mwana wamkazi. Mchombo watsala pang'ono kugwa, ndipo dzina akufuna litchulidwe ndi ine. "Tikapanda kumva pofika Lamlungu, tidziwa maganizo anu." Pansi panali nambala ya foni.

Ndinaimba ndili pakhomo la shopu pomwepo. Anayankha kuti, "Halo," ndipo mawu onse amene ndinatola m'mapepala a mandasi anandithawa. Ndinangotchula dzina la malemu mayi ake, kuti likhale la khandalo.

"Ndamva, bambo," anatero. "Zikomo."

Sitinalankhule zambiri, ndipo kumudzi sanabwerebe. Amaimba mwezi ukatha, nthawi zina iwiri. Mdzukuluyo ndimamudziwa pa zithunzi.

Mayi wa kashopu uja anandiuza kuti ndifufute makalata khumi enawo, akungodzaza foni. Ndinati yewo chomene, ndikafufuta kunyumba. Foniyo inafa chaka chotsatira onse ali momwemo.